Kodi vinyo wopangira pakhomo amakomadi akakhalitsa?

Pa geni ya vinyo wa zipatso pali njira ziwiri zotayira ndalama. Yoyamba ndi ya munthu wopupuluma, amene amathira vinyo m'mabotolo sabata ziwiri zisanathe, akadali wambuu komanso akununkha yisiti, n'kuthamangira naye pamsika. Wogula amalawa kamodzi, ndipo sabweranso. Yachiwiri ndi ya munthu amene adamva zoti vinyo akamakalamba ndiye amakoma, basi n'kutsekera zigubu zake m'nyumba ya malata chaka chathunthu. Tsiku lotsekula amapeza viniga.

Anthu awiri onsewa alakwitsa pa chinthu chimodzi, chomwe ndi nthawi. Sabata ino tikambirane zimene zimachitika m'kati mwa chigubu vinyo akamagona, makamaka kwa inu a m'chigwa cha Bwanje m'boma la Ntcheu, amene muli ndi masau, malambe, bwemba ndi mango ochuluka, komanso kutentha kosaneneka. Mfundo yake ndi iyi: kugona kumakometsa vinyo amene adapangidwa bwino ndi kusungidwa bwino, ndipo kumatero kwa miyezi yowerengeka chabe. Wamalonda wanzeru amaidziwa miyeziyo ndipo amagulitsa isanadutse.

Chimachitika n'chiyani m'chigubu?

Vinyo amayamba pamene yisiti ikudya shuga wa m'zipatso ndi shuga amene mwathira, n'kutulutsa mowa ndi mpweya. Uku ndiye kuwira kumene mumakuona, thovu lili tapatapa. Kuwira kwamphamvu kumatenga pafupifupi sabata imodzi, kenaka kumapitirira pang'onopang'ono kwa sabata zina zitatu mpaka zisanu ndi imodzi. Shuga akatha, kapena mowa ukachuluka mpaka yisiti kulephera kugwira ntchito, kuwira kumasiya.

Apa ndi pomwe ambiri amanamizana. Kuwira kukasiya, ukali wa vinyo suwonjezekanso. Botolo lokhala ndi mowa wa 11 peresenti lero lidzakhala ndi 11 peresenti yomweyo chaka chamawa, mwinanso kucheperapo. Choncho amene amasunga vinyo kuti "awawe kwambiri" akungodikira chinthu chomwe sichibwera. Ukali umachokera ku shuga. Magalamu pafupifupi 17 a shuga mu lita imodzi amapereka 1 peresenti ya mowa. Kuti vinyo afike pa 12 peresenti, chigubu cha malita 20 chimafuna makilogalamu pafupifupi anayi a shuga, kuphatikizapo shuga amene ali kale m'zipatsomo.

Nanga kugona kumathandiza chiyani? Pali zinthu zitatu. Choyamba, yisiti yakufa ndi tizidutswa ta zipatso zimatsikira pansi n'kukhala nsenga, ndipo vinyo amayera. Chachiwiri, fungo la yisiti ndi mpweya wotsalira zimachoka, ndipo fungo la chipatso limayamba kumveka. Chachitatu, kukoma kuja komanga m'kamwa ngati nthochi yosapsa kumachepa, kuwawasa ndi ukali wa mowa zimagwirizana, vinyo n'kumatsika bwino pakhosi. Zambiri mwa izi zimachitika m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira. Apa mpamene mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha umagwira ntchito.

Koma pamene izi zikuchitika, mbali ina vinyo akutha. Fungo la chipatso limazilala mwezi ndi mwezi. Mtundu wofiira umasanduka wa njerwa, wachikasu umadera ngati tiyi. Poyamba kukoma kumakwera, kenaka kumaima, kenaka kumatsika. Ngakhale kumaiko a vinyo wa mphesa monga South Africa ndi France, vinyo wambiri amapangidwa kuti amwedwe m'zaka zochepa. Amene amasungidwa zaka makumi ndi wochepa kwambiri, wopangidwira zimenezo, ndipo amagona m'zipinda zapansi zozizira. Vinyo wa mango wa m'chigubu sali m'gulu limenelo.

Adani anayi

Mdani woyamba ndi mpweya. M'zaka za m'ma 1860 katswiri wa sayansi wa ku France, Louis Pasteur, adasonyeza kuti vinyo amasasa kaamba ka tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timasandutsa mowa kukhala viniga tikapeza mpweya. Tizilomboti timabwera pa makoko a zipatso, pa ziwiya zosatsuka bwino, komanso pa miyendo ya touluka ting'onoting'ono tija timazungulira mango oola. Chigubu chosadzaza ndiye munda wake. Mukaona kakhungu koyera kakuyandama pamwamba, kapena fungo la viniga likakulasani m'mphuno, dziwani kuti mpweya walowa. Vinyo wosasa sabwerera. Kuthiramo shuga kumangobisa kwa masiku ochepa, ndipo kumusakaniza ndi wabwino n'kuononga zigubu ziwiri.

Mdani wachiwiri ndi kutentha, ndipo kwa a ku Bwanje ameneyu ndiye wamkulu. Opanga vinyo amalimbikitsa kusunga pamalo ozizira madigiri 12 mpaka 15. M'chigwa muno mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 30, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i masana kumaposa pamenepo. Lamulo limene a sayansi amayendera ndi lakuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, kusintha kwa m'kati mwa chakumwa kumathamanga pafupifupi kawiri. Ndiye kuti vinyo amene ku Tsangano kapena pa Lizulu, kumtunda kozizira kuja, angakhale bwino chaka chonse, m'chigwa akhoza kufika pachimake n'kuyamba kutsika m'theka la nthawiyo. Musatengere kalendala ya mnzanu wa kumapiri.

Mdani wachitatu ndi dzuwa. Kuwala kumaononga mtundu ndi fungo, makamaka pa vinyo wofiira wa chidede. Botolo loyera limene lakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka madzulo masiku angapo a msika silikhalanso chimodzimodzi ndi anzake otsala kunyumba. Ikani botolo limodzi loonetsera, ena akhale m'katoni pamthunzi, mutaphimba ndi chiguduli chonyowa.

Mdani wachinayi ndi nsenga. Vinyo akagonera nsenga zake zoyamba nthawi yaitali, makamaka kotentha, zimayamba kuola ndipo zimapereka fungo ngati la dzira lovunda. N'chifukwa chake vinyo amasamutsidwa. Kuwira kukangosiya, ikani chigubu pamwamba, chopanda kanthu pansi, ndipo mukoke vinyo ndi kapaipi koyera osagwedeza nsengazo. Kapaipiko kafike pansi pa chigubu cholandira kuti vinyo asathovoke. Bwerezaninso pakatha mwezi umodzi kapena iwiri. Kutsanula ngati mukutsanula thobwa kumavundula nsenga ndi kulowetsa mpweya.

Chipatso chilichonse ndi msinkhu wake

Zinthu zimene zimathandiza vinyo kupirira ndi zitatu: mowa wokwanira, kuwawasa, ndi kumanga m'kamwa kuja, kumene akatswiri amati tanini. Vinyo wosafika pa 10 peresenti sachedwa kuonongeka. Yisiti ya buledi imatopa msanga kusiyana ndi yisiti yopangira vinyo, choncho amene mumagwiritsa ntchito ya buledi musawerengere kusunga nthawi yaitali.

Bwemba ndi chipatso chodalirika pa nkhani yosunga. Kuwawasa kwake kumachokera ku asidi wa mtundu womwewo umene uli mu mphesa. Vinyo wake akakhala watsopano amalasa kwambiri, koma akagona miyezi isanu ndi umodzi amafewa, ndipo pamalo ozizira akhoza kupitirira chaka. Masau nawonso ali ndi kuwawasa kokwanira ndipo amapindula ndi kugona miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi. Jambula, kumene amapezeka, ali ndi tanini wambiri ndipo amafuna kudekha.

Malambe ali ndi vuto lina. Ufa wake uli ndi chinthu chonanda chimene chimapangitsa kuti phala la malambe lilimbe, ndipo chimenechi chimachedwetsa vinyo kuyera. Ena amadikira miyezi ndi miyezi kuyembekeza kuti ayere ngati madzi, pamene kukoma kukudutsa. Ngati kuwira kudasiya, nsenga mudachotsa kawiri ndipo akukoma, gulitsani ngakhale ali wambuu pang'ono, ndipo muwauze ogula kuti umu ndi momwe malambe amakhalira.

Mango ndi nthochi alibe kuwawasa kokwanira. Vinyo wake amakopa ndi fungo, ndipo fungo ndi lomwe limayamba kuthawa. Madzi a mandimu angapo ndi kapu ya tiyi wakuda wowirira wopanda shuga m'chigubu poyambirira zimamuthandiza kulimba, komabe muzimuona ngati katundu wa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Chidede chimagulitsika kaamba ka kufiira kwake, ndipo kufiirako kukayamba kudera mtengo umatsika, ngakhale kukoma kudakalipo.

Kuti zipatso zathu zimatulutsa vinyo wogulitsika si nkhambakamwa. Ku Lilongwe kampani ya Linga imapanga vinyo wa jambula, chidede, magwafa ndi zipatso zina, ndipo ali m'mashopu akuluakulu. Ku Karonga gulu la Twitule Cooperative limapanga vinyo wa nthochi, kupulumutsa nthochi zimene zikadaolera pamsika. Chipatso chimene ali nacho iwowa inunso muli nacho kapena chinzake. Mpikisano uli pa ukhondo, kasungidwe ndi kudziwa nthawi.

Kasungidwe kosalira ndalama zambiri

Dzazani chigubu mpaka m'khosi. Mukachotsa nsenga vinyo amachepa, ndiye musamutsireni m'chigubu chocheperapo, wotsalayo m'mabotolo, kusiyana n'kusiya mpata waukulu pamwamba. Pamene akuwira, booleni chitsekerero, lowetsani kapaipi, matani bwino m'mbali mwake, ndipo mbali inayo muimize m'botolo la madzi. Mpweya wa m'kati uzituluka, wakunja usalowe. Thovu likasiya kutuluka m'madzimo kwa sabata yathunthu, kuwira kwatha.

Musatapemo pang'onopang'ono m'chigubu chachikulu. Kutsekula tsiku lililonse la msika kuti mutungemo malita awiri ndiko kuitana viniga. Vinyo akayera muthireni yense m'mabotolo tsiku limodzi.

Botolo lagalasi limaposa lapulasitiki, chifukwa pulasitiki imalowetsa mpweya pang'onopang'ono ngakhale mutatseka zolimba. Lapulasitiki ndi la katundu amene atuluke m'sabata zochepa. Lagalasi lobiriwira kapena lofiirira ndiye labwino koposa. Tsukani ndi madzi otentha ndipo mugwiritse ntchito zitsekerero zatsopano.

Sankhani chipinda chozizira kuposa zonse, cha udzu ngati chilipo, ndipo katundu akhale pansi, kutali ndi khoma limene limawombedwa dzuwa lamadzulo. Kukwirira mabotolo mumchenga wonyowa m'mtsuko waukulu kapena m'dzenje la m'nyumba kumathandiza, monga momwe mtsuko umaziziritsira madzi akumwa. Mchengawo uzinyowetsedwa, koma madzi asafike pa zitsekerero.

Chenjezo lalikulu kwa a m'dera la thonje ngati lino: chigubu chimene mudalowapo mankhwala opopera mbewu, petulo, dizilo kapena palafini sichiyeneranso kuona chakumwa, ngakhale mutachitsuka kakhumi. Mowa umasungunula zotsalira m'pulasitiki. Ndowa yachitsulo ndi poto wa aluminiyamu nazonso si zosungiramo vinyo, chifukwa kuwawasa kumadya chitsulo ndipo chitsulocho chimathera m'chakumwa.

Ogula ambiri kuno amakonda vinyo wotsekemera, ndipo apa pali msampha. Mukathira shuga pothira m'mabotolo, yisiti yotsalira imadzuka, kuwira kumayambiranso, ndipo botolo limatupa kapena kuphulika m'nyumba mwa kasitomala. Njira yake ndi ya Pasteur yemwe uja: imikani mabotolo odzaza, zitsekerero zili zosamanga kwambiri, m'madzi otentha madigiri 60 mpaka 65 kwa mphindi 20 kapena 30, kenaka mangani zolimba. Madziwo asawire. Kachipangizo koyezera kutentha ndi kotsika mtengo poyerekeza ndi katoni ya mabotolo osweka. Amene mungapeze mapiritsi a Campden, piritsi limodzi pa malita anayi ndi theka limathandiza kuteteza vinyo ku mpweya ndi tizilombo, koma palokha silokwanira kuletsa vinyo wotsekemera kuwiranso. Mukawagwiritsa ntchito lembani papepala la botolo, popeza anthu ena a mphumu sagwirizana nawo.

Kudikira kuli ndi mtengo wake

Vinyo amene ali m'chipinda ndi mpamba umene wagona. Tiyerekeze kuti mwalowetsa K100,000 pa shuga, zipatso, yisiti ndi mabotolo, ndalama yokongola ku banki mkhonde kumene chiwongoladzanja ndi K20 pa K100 iliyonse pamwezi. Mwezi uliwonse wodikira ukukudyerani K20,000. Chigubu cha malita 20 chikachotsedwa nsenga chimatsala ndi malita pafupifupi 18, omwe ndi mabotolo 24 a mamililita 750. Ndiye kuti botolo lililonse likukwera mtengo ndi ndalama yoposa K800 pamwezi lisanatuluke n'komwe pakhomo. Miyezi itatu ndi K60,000. Miyezi isanu ndi umodzi ndi K120,000, kuposa mpamba umene mudayambira.

Ikanimo manambala anuanu, koma funso ndi lomwelo: kodi wogula wanu avomera kulipira ndalama yowonjezerayo kaamba koti vinyo wagona? Miyezi itatu yoyamba imadzilipira yokha, chifukwa imasandutsa chinthu chosagulitsika kukhala katundu. Miyezi yotsatira imalipira pokhapokha muli ndi ogula ozindikira kukoma, monga a maukwati, a zinkhoswe ndi eni malo ogona alendo, ndipo mpamba ndi wanuwanu. Vinyo wogonetsa sapangidwa ndi ndalama yangongole. Kumbukiraninso kuti mitengo siikudikira. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene adagulitsa katundu wakale pa mtengo wakale adalephera kuodanso wofanana naye. Poika mtengo muziwerengera shuga wa lero, amene mukagule kuti mupange chigubu chotsatira.

Kalendala ya m'chigwa imathandiza amene akuitsata. Masau, malambe, bwemba ndi chidede zimachuluka nyengo yozizira ndi yachilimwe chisanafike pachimake. Vinyo wopangidwa mu Juni kapena Julayi amawira mofatsa m'nyengo yozizira, amayera mu Seputembala ndi Okutobala pamene maukwati achuluka, ndipo wotsala amakumana ndi Khirisimasi ndi chaka chatsopano. Uyu ndiye vinyo wosavuta. Cholinga chikhale chakuti wambiri atuluke pofika Januwale, asagone nyengo yotentha kawiri. Mango amachuluka mu Novembala mpaka Januwale, nthawi yotentha, pamene vinyo amawira mothamanga ndipo sachedwa kusasa. Wopangidwa mu Disembala amakhala wokonzeka mu Malichi kapena Epulo, ndipo ndi bwino kumutulutsa yense pamene anthu akugulitsa zokolola ndipo ndalama ili m'matumba. Kumusunga kuti adikire Khirisimasi ina ndi kuyesa mwayi, ndipo paja zengerezu adalinda kwawukwawu.

Njira yabwino ndi yopanga zigubu motsatizana, china mwezi uno, china mwezi wamawa, kuti nthawi zonse pakhale china chikuwira, china chikugona, china chikugulitsidwa. Mukatero simukakamizika kugulitsa wosapsa chifukwa cha fizi ya mwana.

Lembani, ndipo lawani

Miyezi imene tatchulayi ndi poyambira chabe. Chipinda chanu, madzi anu ndi yisiti yanu zili ndi kalendala yakeyake, ndipo njira yoidziwira ndi imodzi. Pa chigubu chilichonse patulani mabotolo ang'onoang'ono anayi. Tsekulani limodzi pa miyezi itatu, lina pa isanu ndi umodzi, lina pa isanu ndi inayi, lomaliza pa chaka. Lembani m'kope mtundu, fungo ndi kukoma, pamodzi ndi tsiku lopanga, kuchuluka kwa shuga ndi malo amene mudasunga. Pakatha nyengo ziwiri mudzakhala mukudziwa mwezi umene vinyo wanu wa masau amafika pachimake, ndipo nzeru imeneyi ndi imene mnzanu wa benchi yoyandikana nayo sangaibe.

Botolo lililonse likhale ndi pepala lolembapo chipatso, mwezi wopanga ndi dzina la geni yanu. Gulitsani akale poyamba. Muziuzanso ogula kuti botolo likatsekulidwa lithe m'masiku awiri kapena atatu, chifukwa wina akalisunga sabata ziwiri n'kusasa, mlandu udzagwera inu.

Pomaliza, kugona sikuchotsa poizoni ndipo sikukonza vinyo woipa. Musayese kulimbitsa vinyo pothiramo spiriti kapena mowa wosadziwika kumene wachokera. Mu Epulo 2024 anthu angapo adamwalira ku Manase mumzinda wa Blantyre atamwa mowa wosakanizidwa, ndipo nkhani zotere zimapha msika wa aliyense, ndi osalakwa omwe. Malonda a mowa amafuna chiphaso, choncho kafunseni ku khonsolo ya boma la Ntcheu musanayale katundu. Amene mukulota zolowa m'mashopu, njira yake imadzera ku bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards, ndipo ndi yopepukirapo mukapita ngati gulu. Ana osafika zaka 18 si makasitomala anu.

Amene muli ndi zigubu m'nyumba panopa, musadikire tsiku la msika. Lero lomwe kayang'aneni ngati zili zodzaza mpaka m'khosi, ngati zakhala pa nsenga kupitirira mwezi, komanso ngati khoma limene zatsamira likutentha madzulo. Kenaka lawani. Ngati vinyo wayera ndipo akukoma, nthawi yake ndi imeneyo: muthireni m'mabotolo, lembani tsiku, mumupezere msika.